Kutsitsa injini ndi giyabokosi ya Land Rover yakale kuti ipangidwe ovaholo

Kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo ma Land Rover akale akadalipo. Ambiri anagwira ntchito m'minda ya tiyi, kenako anagulidwa ndi anthu wamba, ndipo lero ena ali chiimire kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa. Malangizo awa ndi a Series III, imene inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ya injini ya masilinda 4 ya malita 2.25, kaya ya petulo kaya ya dizilo. Zambiri zikugwiranso ntchito pa Series IIA.

Choyamba kudziwa n'chakuti pa galimoto imeneyi injini ndi giyabokosi sizitulukira njira imodzi. Injini imatulukira kutsogolo. Giyabokosi imatulukira m'mwamba, kudzera pomwe pamakhala mipando, chifukwa chitsulo chopingasa chimene chili pansi pake chinawotchereredwa ku chesisi ndipo sichimasulidwa. Ena amayesa kukoka zonse pamodzi monga amachitira ndi Datsun kapena Peugeot. Ife sitikulangiza zimenezo. Katundu amakhala wolemera kwambiri, wamtali, ndipo amakodwa. Tsitsani injini poyamba, giyabokosi pambuyo, ndipo chifukwa chake muchiona tikafika pa handibuleki.

Malo, nyengo ndi chonyamulira

Ntchitoyi ndi ya chilimwe. Injini yotsegula ikagona panja usiku umodzi wa chiperoni, m'mawa mupeza dzimbiri layamba kale m'masilinda. Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala ndiyo yabwino, koma ngati mukugwira nthawi ina khalani pansi pa denga kapena mukhale ndi lona lalikulu.

Malo akhale athyathyathya ndi olimba. M'dera lathu lino la zitunda malo otere amasowa, koma musanyengerere, pakuti galimoto mudzaikankha chammbuyo injini ili lende m'mwamba. Siyani mpata wa mamita 3 kumbuyo kwake.

Injini ya 2.25 imalemera pafupifupi makilogalamu 200. Pezani tcheni buloko ya tani imodzi. Poikoleka ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa. Nthambi ya mtengo wa mapeyala imaoneka yonenepa koma ndi yofwamphuka, imathyoka osachenjeza. Phaso la khonde nalonso silinamangidwire katundu wotere. Chabwino ndi kumanga goli: milongoti iwiri iwiri ya bulugamu mbali zonse, yopingasitsa pamwamba ngati mphanda, yozikidwa m'nthaka, ndi mtanda umodzi wonenepa wa bulugamu wosabooledwa ndi anankafumbwe kapena paipi yochindikala yachitsulo. Pakati pa miyendo pakhale mamita 2.5 kuti galimoto izidutsa momasuka, ndipo mtanda ukhale mamita 3 kuchokera pansi, chifukwa tcheni buloko yokha imadya pafupifupi theka la mita. Musanaikhulupirire, yesani goliyo pokoleka matumba 5 a simenti kapena a chimanga n'kuwakweza pang'ono.

Galimoto musaikweze pa jeke. Land Rover ndi yaitali kale, munthu amalowa pansi bwinobwino ili pa matayala ake. Popani matayalawo basi. Ndipo ngati yakhala nthawi yaitali osayenda, gogodani kaye chesisi ndi ndodo, mutsegule pansi pa mipando mosamala: njoka ndi mavu zimakonda malo otere.

Masipanala

Mabawuti a galimotoyi si a mamilimita. Ambiri ndi a mainchi: 7/16, 1/2, 9/16, 5/8, 11/16 ndi 3/4. Pa giyabokosi mupezanso manati a Whitworth, muyezo wakale wa ku Britain, amene sipanala ya inchi wamba siigwira bwino. Injini zomaliza, za m'ma 1980, zili ndi mabawuti ena a mamilimita, ndipo galimoto imene yadutsa m'manja mwa amakaniko ambiri imakhala ndi chisakanizo cha zonsezi. Sipanala ya 19 imagwira bwino pa 3/4, ya 11 imalowa pa 7/16 mothina. Koma 13 pa nati ya 1/2 imakhwepa, ndipo nati yadzimbiri imangobulungika mutu. Mukamva sipanala ikugwedera ngakhale pang'ono, lekani musake ina.

Masiku atatu ntchito isanayambe, thirani mafuta omasula dzimbiri pa manati a ekizozi, a mamaunting'i, ndi pa tizikuluwu tonse ta pansi pa mapazi. Dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono amathandizanso. Bwerezani m'mawa ndi madzulo. Konzaninso zitini kapena timapepala ta pulasitiki toikamo mabawuti, tepi ya pepala ndi cholembera chosafufutika, ndiponso foni yojambulira. Jambulani chilichonse musanachimasule. Ovaholo imatenga miyezi, makamaka zipangizo zikamadikiridwa, ndipo palibe mutu umene umasunga njira ya waya aliyense kwa miyezi itatu.

Zochita injini isanasunthe

Ngati injini ikulirabe, yezani kompuleshoni ya silinda iliyonse ndi kulemba manambala. Silinda imodzi ikatsika kwambiri poyerekeza ndi zinzake, thirani supuni ya oyilo pabowo la pulagi muyezenso: nambala ikakwera, vuto lili ku maring'i, ikapanda kusintha, yang'anani ku mavavu kapena gasiketi ya hedi. Njira ya oyiloyi ndi ya injini ya petulo yokha, pa dizilo musaiyese. Zimenezi zikuthandizani kudziwa chomwe mukukafuna mkatimo. Yendetsaninso galimoto pang'ono ngati ingathe, mumve giya imene ikudumpha kapena kulira.

Kenako chinthu chimene ambiri amachikumbukira mochedwa: nati yaikulu ya pule ya kutsogolo kwa kulankishafuti, ija imene handulo yolizira pamanja imakolapo. Imeneyi imakhala yothina koopsa. Ithyoleni injini idakali m'galimoto, mutaika giya, mutakoka handibuleki, ndipo wina ataponda buleki. Ingoimasulani pang'ono n'kuisiya pomwepo. Injini ikakhala pansi imangozungulira, ndipo anthu amafika polowetsa chitsulo m'mano a fulaiwilo mpaka kuwabenthula.

Tsopano chotsani batire, kuyambira waya wopita ku bodi. Series III ndi ya negetivi ku bodi, koma zakale kwambiri zinali za pozitivi ku bodi, choncho onani musanamasule. Batire ichoke m'galimoto ndithu. Chotsani boneti, ngati pali tayala la sipeya pamwamba, litsike kaye, ndipo pakhale anthu awiri.

Khuthulani madzi ndi oyilo. M'redieta ndi m'buloko mumatuluka madzi pafupifupi malita 8, oyilo wa injini pamodzi ndi fyuluta ndi pafupifupi malita 7. Oyilo amatuluka bwino injini ikadali yofunda. Khuthuliranitu wa m'giyabokosi, malita 1.5, ndi wa mu transfer box, bokosi la kumbuyo kwake logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo, malita 2.5. Muunike zimene zatuluka: timadontho tonyezimira ngati golide ndi mkuwa wa mabushi kapena ma synchro (timphete tothandiza giya kulowa bwino), tizidutswa tachitsulo ndi mano a giya, oyilo woyera ngati tiyi wamkaka ndiye kuti munalowa madzi. Oyilo wakudayu asungidwe m'zigubu. Mukamutaya m'ngalande amakathera mu Ruo kapena Thuchila momwe anthu akutungamo. Madzi a m'redieta ngati anali ndi mankhwala aja obiriwira kapena abuluu, asafikire ana, agalu kapena mbuzi, ndi poizoni wotsekemera.

Kumasula zozungulira injini

Chotsani chosefera mpweya. Cha galimotoyi chimakhala ndi oyilo pansi pake, ndiye chinyamuleni choimirira. Masulani mapaipi a redieta, wapamwamba ndi wapansi. Paipi yomatirira musaikanule ndi sikuludiraiva pa khosi la redieta, limabooka; ipotozeni, ikakana iduleni, pakuti pa ovaholo mapaipi amasinthidwa basi. Chotsani fani, kenako chigoba chonse cha kutsogolo pamodzi ndi redieta. Chimagwidwa ndi mabawuti ku mapiko a galimoto mbali zonse. Pa Series III nyale zili pa mapiko, choncho mawaya odutsa pachigobachi ndi ochepa, koma alembeni ndithu. Chigobachi chikachoka, injini siyofunikanso kuikweza pamwamba kwambiri, ingodumpha chitsulo cha kutsogolo kwa chesisi.

Yambani mbali imodzi, mumalize, muzungulire. Mbali ya pasenja kuli ekizozi: manati 3 olumikiza paipi ku manifodi. Awa ndi amene amathyola masitadi. Mukamva nati ikulimba m'malo mofewa, ibwezeni, thirani mafuta, muyambenso, kutsogolo ndi kumbuyo. Kutentha kumathandiza, koma moto usayandikire mpaka paipi ya petulo itamasulidwa ndi kutsekedwa ndipo fungo litatha. Masulani mawaya a alitaneta ndi a sitata, ndodo za mafuta zochokera ku pedulo, ndi waya wa choki. Mbali ya dalaivala kuli distributor, pampu ya mafuta ndi fyuluta ya oyilo. Masulani paipi yochokera ku thanki n'kuitseka ndi bawuti yoyera. Chotsani mawaya a koyilo, wa getsi la oyilo ndi wa geji ya kutentha. Ngati muli hita, mapaipi ake awiri achoke. Pa dizilo onjezani waya wozimitsira, waya wa maheater plug ndi paipi yobweza mafuta ku thanki, ndipo bowo lililonse la pampu ndi mainjekita livalidwe kapulasitiki komangidwa, chifukwa kamchenga kamodzi kamawononga pampu yodula kuposa zonse za pa injiniyo.

Kabureta ndi kapu ya distributor ndi bwino kuzichotsa pano. Tcheni ikakoka imatsamira pa zimenezi.

Pomaliza fufuzani lamba wa ethi, waya wolukana wochokera ku injini kapena giyabokosi kupita ku chesisi. Amabisala m'matope ndi girizi, ndipo amaonekera pokhapokha injini itakana kukwera.

Lowani mkati. Chotsani mbale ziwiri za pansi pa mapazi ndi chivundikiro cha pakati chophimba giyabokosi, mutachotsa timitu ta magiya: kakuda, kofiira ndi kachikasu. Kachikasu kali ndi sipuling'i pansi pake, isataike. Tizikuluwu tachitsulo pa mbale za aluminiyamu timamera ufa woyera n'kumatirira. Tokana tibooleni ndi dirilo, musang'ambe mbale. Mukatero manati onse ozungulira belu, pomwe injini ikumana ndi giyabokosi, aonekera. Masulani onse kusiya awiri, wina kumanja wina kumanzere.

Kukweza

Kankhani galimoto mpaka tcheni buloko ikhale pakati penipeni pa injini. Pa hedi pamayenera kukhala timakutu tiwiri tonyamulira, kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati tinachotsedwa, gwiritsani ntchito lamba wolimba wonyamulira katundu kapena tcheni, modutsitsa pansi pa mabulaketi a mamaunting'i. Chingwe cha nailoni chomangira katundu pa lole chimatamuka ndi kuduka pa ngodya yakuthwa, chisagwiritsidwe ntchito. Musakoleke pa manifodi kapena pa shafuti ya marokala.

Kokani mpaka tcheni ilimbe. Masulani manati a mamaunting'i awiri a injini, kwezani masentimita ochepa kuti mphirazo zituluke, ndipo zichotseni. Tsopano lowetsani kathabwa kochindikala ngati inchi imodzi pakati pa belu ndi chitsulo cha chesisi chimene chili pansi pake. Popanda kathabwaka, injini ikachoka mutu wa giyabokosi umagwa, ndipo kulemera kwake kumatsalira pa shafuti yolowa mu kilatchi.

Masulani manati awiri otsala aja. Ikani giya pa fulii, masulani handibuleki, munthu mmodzi akhale pa chiwongolero phazi lili pafupi ndi buleki, ndipo ena akankhe galimoto chammbuyo pang'onopang'ono, wina akugwedeza injini. Iyenera kutuluka mowongoka masentimita 10 kapena kuposerapo kuti shafuti ichoke mu kilatchi. Yang'anani mpata umene ukutseguka pakati pa injini ndi belu: ukhale wofanana pamwamba ndi pansi. Ukakula pamwamba, injini yatsika kutsogolo, kwezani. Ukakula pansi, mwakweza mopitirira. Shafuti ikapanikizika chopendekera imapinda pakati pa puleti ya kilatchi ndi kuwononga bering'i ya kutsogolo kwa giyabokosi.

Ikakana kulekana, pafupifupi nthawi zonse pali nati imene yatsala, yokwiririka m'girizi. Papasani ndi chala kuzungulira konse. Ngati palibe, ndi dzimbiri pa masitadi: gogodani ndi thabwa ndi hamala, osati kukhoma tchizulo pakati, chifukwa zigoba zonse ziwirizo ndi za aluminiyamu ndipo zimasweka.

Ikalekana imani kaye, muzungulire ndi tochi kuona ngati pali waya kapena paipi yotsala. Kenako kwezani mpaka sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini, idutse chitsulo cha kutsogolo, mosamala ndi mkono wa chiwongolero umene uli pamwamba pa chitsulocho mbali ya dalaivala. Kankhani galimoto ichoke pansi pake. Dzanja lisalowe pakati pa injini ndi chesisi, ndipo munthu asaime pansi pa katundu. Wongolani ndi chingwe kapena thabwa. Ana amene amabwera kudzaonerera akhale patali. Tsitsirani injini pa tayala lakale, sampu ilowe m'bowo, n'kuichirikiza ndi zipika mbali zonse. Njerwa zowotcha zimaphwanyika, musazidalire.

Giyabokosi

Apa ndi pamene pali ngozi imene anthu ozolowera magalimoto ena saidziwa. Handibuleki ya Land Rover sigwira matayala. Ndi dramu imene ili kumbuyo kwa transfer box, imagwira propshaft, shafuti yopititsa mphamvu ku matayala. Mukangomasula propshaft ya kumbuyo, galimoto ilibenso chogwira, ngakhale handibuleki ikhale yokoka mpaka kumapeto, ndipo inu muli pansi pake. N'chifukwa chake tinayamba ndi injini, nthawi imene galimoto imafunika kukankhidwa ndi kuimitsidwa. Tsopano sunthirani injini pambali, mukankhe galimoto mpaka malo a mipando akhale pansi pa tcheni buloko, ndipo matayala onse 4 atsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Miyala yobulungira imagubuduka.

Denga lichoke, kaya ndi la lona kaya la aluminiyamu; silolemera, anthu awiri kapena atatu amalinyamula. Amene ali ndi kireni ya matayala angathe kulowetsa mkono wake pakhomo la pasenja denga lili pomwepo. Chotsani mipando ndi bokosi lonse limene imakhalapo. Mabawuti ake ndi ang'onoang'ono koma ambiri, m'mbali ndi kumbuyo, ndipo ndodo ya handibuleki imadutsa pabokosipo, choncho samalani pochotsa bokosilo. Pa galimoto zambiri thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala. Imatsala pa chesisi, koma samalani mawaya a geji ndi mapaipi ake, ndipo chopukusira chotulutsa moto chisagwire ntchito pafupi.

Musanamasule ma propshaft, lembani chizindikiro ndi penti kapena panchi pomwe akumana ndi giyabokosi, ndiponso pa mbali ziwiri za cholumikizira chotsetsereka chapakati. Zikavulana n'kubwezedwa molakwika, galimoto imanjenjemera ikathamanga ndipo anthu amanamizira matayala. Manati ake ndi a 9/16, anayi mbali iliyonse, ndipo malo ndi opanikiza, pamafunika sipanala yopyapyala. Propshaft ya kumbuyo ikachoka, gwiritsani ntchito handibuleki komaliza: ikokeni kuti igwire, muthyole nati yaikulu yapakati pa fulanji, pomwe propshaft imamangidwa, mutachotsa kapini kake. Pa benchi nati imeneyi imavuta monga ija ya pule.

Silinda yaing'ono ya kilatchi ili pa belu. Imasuleni mabawuti ake awiri n'kuimangirira pambali ndi waya, paipi yake osaitsegula, ndipo wina asaponde pedulo, apo ayi pisitoni itulukira kunja. Masulani ndodo ya giya yaikulu, ndodo yofiira, ndodo zopita ku dramu ya handibuleki, waya wa getsi la rivesi ngati ulipo, ndi kebulo ya sipidomita, imene imagwidwa ndi tizikuluwu 3 tating'ono kumbuyo kwa transfer box. Ngati galimoto ili ndi overdrive, kabokosi ka giya yowonjezera komangidwa kumbuyo kwa transfer box, kachoke pakokha poyamba.

Giyabokosi pamodzi ndi transfer box sizilemera ngati injini, koma zilibe pakati. Kulemera kuli kumbuyo ndi mbali ya dalaivala, komwe kumachokera propshaft ya kutsogolo. Mukamanga lamba pa giyabokosi yokha, ikangonyamuka imatembenuka. Mangani malamba awiri, wina kutsogolo pafupi ndi belu, wina kuzungulira transfer box, kwezani pang'ono muone mmene ikupendekera, tsitsani mukonze, mpaka ikhale yowongoka. Mukatero masulani mamaunting'i ake awiri. Mabulaketi a kumanja ndi kumanzere ndi osiyana, alembeni. Kwezani, kuibweza pang'ono chammbuyo kuti belu lidutse khoma la kutsogolo, n'kuitembenuza kuti ituluke. Kuti galimoto ichoke pansi pake, chotsani zipika za mbali imodzi yokha, munthu ali pa buleki ya phazi. Ngati mabuleki a phazi anafa, musakankhe galimoto. Tsetseretsani giyabokosi pa matabwa kudzera pakhomo.

Zikafika pansi

Tsekani mabowo onse ndi nsalu zoyera kapena tepi: a manifodi, a mapulagi, a madzi. Mavu omanga ndi dothi amadzaza bowo la oyilo m'masiku awiri. Tsukani kunja ndi palafini ndi bulashi musanatsegule chilichonse.

Kilatchi imasuleni mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, kuti isapindike. Fumbi lake musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa, chifukwa mapuleti akale anali ndi asibesitosi. Pukutani ndi nsalu yonyowa. Fulaiwilo ndi yolemera kuposa mmene imaonekera, siyani bawuti imodzi yogwira mpaka mutaigwiritsa ndi manja awiri. Kuseri kwake yang'anani oyilo. Wakuda wochokera kutsogolo ndi wa silo ya kumbuyo kwa kulankishafuti, wonunkha kwambiri wa giya ndi wochokera ku giyabokosi. Izi zikuuzani mbali yofunika kusamalitsa pomanga.

Musanapite kukagula zipangizo ku Limbe kapena ku Blantyre, dziwani mtundu wa injini yanu. Zoyambirira zili ndi mamein bering'i 3, ndipo kuyambira 1980 zinabwera za 5, zimene buloko yake ili ndi nthiti zopingasana m'mbali. Mabering'i, silo ya kumbuyo, kulankishafuti ndi fulaiwilo sizisinthana pakati pa mitundu iwiriyi, ndipo chaka cha galimoto sichikuuzani zoona chifukwa zambiri zinasinthidwa injini kale. Kopani nambala yodindidwa pa buloko, muifananizenso ndi ya mu bulu buku, kuti ngati zikusiyana mukonze nkhaniyo ku Road Traffic galimoto isanabwerere pamsewu.

Mapisitoni, maring'i ndi mabering'i musagule buloko ndi kulankishafuti zisanayezedwe ndi amene adzabowole ndi kugaya. Iwo ndiwo anene saizi, kenako mugule, ndipo mapisitoniwo muwaperekere pamodzi ndi buloko kuti abowole molingana nawo. Pomasula mkati, ma pushrod 8, ndodo zokankha marokala, abayeni pa katoni motsatana kuyambira kutsogolo, makapu a mabering'i adindidwe nambala ndi mbali yoyang'ana kutsogolo, ndipo kapu iliyonse ya con rod, ndodo yolumikiza pisitoni ku kulankishafuti, ibwerere pa ndodo yake nthawi yomweyo. Potumiza, pakani oyilo m'masilinda, kulungani kulankishafuti m'masaka n'kuimangirira kuti isagubuduke, ndipo buloko igone pa tayala, osati pa chitsulo cha pikiapu.